Mlendo Akagwira Chiwongolero pa Misewu ya ku Phalombe

Anthu a m'boma la Phalombe adadikira zaka zoposa 10 kuti msewu wochokera ku Zomba, kudzera pa Jali ndi pa Phalombe mpaka kukafika pa Chitakale ku Mulanje, uthiridwe phula. Amene adayendapo pa msewuwu nthawi ya dzinja akukumbukira bwino momwe malole ankatitimirira m'matope, anthu nagona panjira atatsamira matumba awo a nandolo. Lero phula lilipo, ndipo ulendo umene unkatha tsiku lathunthu ukutha maola owerengeka. Ichi n'chitukuko, ndipo palibe munthu wanzeru zake amene angafune kubwerera ku matope aja. Koma tiyenera kunena mosabisa kuti phula lomweli labweretsa liwiro limene chigwa chathu sichidalionepo, kotero kuti mayi amene kale ankangodandaula za fumbi potuma mwana kumsika, lero mtima umakhala m'mwamba mpaka mwanayo atabwerako.

Mwa anthu amene akuyendetsa magalimoto pa misewu yathuyi muli alendo ochokera ku maiko ena amene akukhala pakati pathu. Sindikunena za ongodutsa, okwera phiri la Mulanje sabata imodzi nabwerera kwawo. Ndikunena za amishoni, madokotala ndi anamwino, alangizi a zamalimidwe, amisiri a misewu ndi milatho, amalonda, ndiponso ogwira ntchito m'mabungwe othandiza anthu, amene tidawaona ambiri zedi namondwe wa Freddy atasakaza dera lino mu Malichi 2023. Anthu amenewa timawafuna, ndipo ambiri a iwo agwira ntchito yotamandika. Koma mfundo yanga ndi yakuti chiphaso chimene mlendo wabwera nacho kuchokera kwawo sichikwanira kuti ayendetse bwino galimoto kuno. Ayenera kuphunzitsidwa msewu wathu, ndipo aphunzitsi ake ndife eni dera, makamaka ife amene tili ndi maudindo m'boma ndi m'chipani. Pakali pano ambiri a ife tikumuphunzitsa zoipa.

Ndiyambe ndi zimene ndidaona ndi maso angawa. Tsiku lina m'mamawa ndidapempha matola kwa bambo wina wa dziko la ku Ulaya amene ankagwira ntchito ya zamadzi m'midzi ina kuno, munthu waulemu ndi wodekha, wosamwa mowa. Tidachokera m'kamsewu ka fumbi n'kulowa pa phula. Pamsewu padalibe galimoto ina iliyonse, ndipo iye, uku akundifotokozera za mijigo, adakhota nayamba kuyenda kudzanja lamanja ngati ali kwawo. Ine mawu adandithera. Kutsogolo kwathu kunkabwera mnyamata wa kabaza atanyamula matumba awiri, ndipo adapulumuka podziponya yekha mu ngalande. Adanyuka chigongono, njinga idapindika limu, koma moyo udatsala. Bambo uja adatuluka m'galimoto akunjenjemera, nandiuza kuti wakhala akuyendetsa zaka zambiri kwawo popanda kugunda ngakhale mphaka. Ine ndidamukhulupirira, ndipo ndimamukhulupirirabe. Chimene chidafuna kupha mnyamata uja si kusadziwa kuyendetsa ayi, koma kuzolowera.

Ife ku Malawi timayendetsa galimoto kumanzere kwa msewu, monga achitira anzathu a ku Zambia, Tanzania, Zimbabwe ndi South Africa. Ngakhale a ku Mozambique, amene tachita nawo malire konkuno, amayenda kumanzere, chonsecho adalamulidwa ndi Apwitikizi amene kwawo adasinthira kumanja mu 1928. A ku Britain, Ireland, Japan ndi India nawonso ndi a kumanzere. Koma pafupifupi magawo awiri mwa atatu a anthu a pa dziko lapansi amakhala m'maiko oyenda kumanja, ndipo m'gulu limeneli muli America, Germany, France, Italy, Norway ndi China, maiko omwe amatitumizira akatswiri ambiri. Munthu wochokera kumeneko akafika pa mphambano, khosi lake limatembenukira lokha kumene lidazolowera. Pamene pali magalimoto ambiri salakwitsa, pakuti amangotsatira anzake. Amalakwitsa pa msewu wopanda kanthu, m'mamawa kapena usiku, potuluka pa geti kapena pomwetsera mafuta, ndipo misewu yopanda kanthu ndiyo yathu ya kumudzi kuno.

Wina angaganize kuti vutoli ndi la sabata yoyamba yokha. Mbiri ya dziko la Sweden ikutiuza zina. Pa 3 Sepitembala 1967 dziko lonselo lidasintha kuchoka kumanzere kupita kumanja, litakonzekera zaka zinayi ndi kuphunzitsa anthu pa wailesi, m'manyuzipepala ndi m'masukulu. Ambiri ankayembekezera kuti anthu aphana, koma m'miyezi yoyamba ngozi zidachepa, popeza aliyense ankayendetsa mwamantha. Patapita zaka ziwiri mantha aja adatha, ndipo ngozi zidabwerera pamene zidali kale. Chomwechonso mlendo wathu: tsiku loopsa si limene wangofika kumene, akugwira chiwongolero ndi manja awiri. Ndi tsiku limene wayamba kudziona ngati mwini mudzi.

Ndipo tisaganize kuti zoterezi zimachitika ku maiko osauka okha. Pa 27 Ogasiti 2019 mayi wina wa ku America, amene adali atakhala ku England masabata atatu okha, adatuluka pa malo a asilikali a RAF Croughton nayendetsa galimoto kumanja. Adawombana ndi mnyamata wa zaka 19 amene adali pa njinga yamoto mbali yake yoyenera, ndipo mnyamatayo adamwalira. Mayiyo adabwerera kwawo pogwiritsa ntchito chitetezo chimene mabanja a akazembe amakhala nacho, ndipo nkhaniyi idakanganitsa maboma a Britain ndi America zaka zitatu, kufikira mu 2022 pamene adavomera mlandu pamaso pa khoti la ku London ali kwawo komweko. Ngati zidatheka pa misewu ya ku England, yokhala ndi mizere yoyera ndi zikwangwani paliponse, kuli bwanji pa msewu wa ku Chiringa dzuwa litalowa?

Komabe nkhani ya manzere ndi manja ndi yaing'ono poyerekeza ndi imene ndikufuna kukhalitsapo. Kumene alendo ambiri amachokera, msewu waukulu ndi wa magalimoto okha. Oyenda pansi ali ndi njira yawo, a njinga ali ndi yawo, ziweto zili m'mipanda, ndipo mwana wa sukulu amawoloka pamene pali magetsi omuimitsira magalimoto. Munthu wokulira kumeneko akaona phula lowongoka m'chigwa chosalala ngati chathuchi, phazi limadzipondera lokha. Koma kuno msewu ndi wa aliyense. Boma la Phalombe lili ndi anthu oposa 400,000 malinga ndi kalembera wa 2018, ndipo ochuluka mwa iwo alibe galimoto ndipo mwina sadzakhala nayo. Msewu umenewu ndiwo njira ya kusukulu, ya kuchigayo, ya kuchipatala ndi ya kumanda. Tsiku la msika pa Migowi kapena pa Chiringa, msewu ndiwo msika weniweniwo: matemba a ku Chilwa, kaunjika, tomato ndi nzimbe zili m'mphepete mwa phula, ogula ali pakati. Wa kabaza wasenza matumba otambalala kuposa njinga yake, ndipo sangathe kucheuka popanda kugwa. Ngolo ya ng'ombe ilibe nyali. Mbuzi ikawoloka, dziwani kuti mwana wake ali m'mbuyo, ndipo nthawi zambiri m'mbuyo mwa mwana wa mbuziyo muli mwana wa munthu akuthamangitsa.

Tiyeni tiwerengere pang'ono, pakuti nkhaniyi si ya maganizo chabe. Galimoto yoyenda makilomita 50 pa ola imadutsa pafupifupi mamita 14 pa sekondi imodzi. Yoyenda makilomita 100 pa ola imadutsa mamita 28. Dalaivala watcheru amataya sekondi yathunthu kuchokera pamene waona mwana kufikira pamene phazi lafika pa buleki, ndipo m'sekondi imeneyo galimoto ikungoyenda ngati palibe chachitika. Akaponda buleki, mtunda umene galimoto imakwakwaza isadaime suwonjezeka kawiri liwiro likawonjezeka kawiri, koma kanayi. Bungwe loona za umoyo pa dziko lonse la WHO likuti munthu woyenda pansi akagundidwa ndi galimoto yothamanga makilomita 65 pa ola, mpata woti afe umachuluka koposa kanayi poyerekeza ndi yothamanga makilomita 50. N'chifukwa chake chikwangwani cholembedwa 50 polowa pa malo ochitira malonda sichidaikidwe pofuna kupatsa apolisi podyera. Ndipo magalimoto amene mabungwe amakonda, akuluakulu aja okwera m'mwamba okhala ndi zitsulo kumaso, ndi abwino kwa amene ali m'kati, koma kwa mwana wa sitandade 2 chitsulocho chimafika pamutu.

Bungwe lomweli lidalengeza mu 2023 kuti anthu pafupifupi 1.19 miliyoni amafa pa ngozi za pamsewu chaka chilichonse, kuti oposa theka la iwo ndi oyenda pansi, a njinga zakapalasa ndi a njinga zamoto, ndiponso kuti ngozizi ndizo zikupha kwambiri ana ndi achinyamata a zaka zapakati pa 5 ndi 29. Poyerekeza ndi chiwerengero cha anthu, Africa ndiye ali patsogolo pa imfa zoterezi, chonsecho magalimoto athu ndi ochepa.

Palinso zinthu zina zimene buku la malamulo a pamsewu silinena, koma mwana aliyense wa kuno amazidziwa. Masamba kapena nthambi zikaikidwa pamsewu, ndiye kuti kutsogolo kuli maliro kapena galimoto yafera pamsewu. Mmalawi amachepetsa liwiro, kuzimitsa wailesi, ndipo wa njinga amatsika n'kuvula chipewa. Mlendo wosauzidwa amaona zinyalala chabe, napitirira ndi liwiro lake pakati pa anamfedwa, ndipo anthu amati ndi mwano pamene munthuyo sadziwa kanthu. Madalaivala a malole amayatsa indiketa ya kumanja pofuna kuuza wam'mbuyo kuti asapitirire chifukwa kutsogolo kukubwera ina; mlendo amaganiza kuti loleyo ikukhota, kapena amamva mosemphanitsa. Nanga za madzi? Mvula ikhoza kugwa pa phiri la Mulanje kapena la Michesi kuno kuchigwa kuli dzuwa, ndipo mtsinje umene mudawoloka m'mawa madzi ali m'mapazi, masana ukukokolola miyala. Ife amene tidaona napolo wa mu Malichi 1991, ndiponso momwe Freddy adadulira njira ya ku Nkhulambe mu 2023, sitichita masewera ndi madzi otsika m'phiri. Mlendo amakhulupirira galimoto yake yamphamvu. Akuluakulu adati safunsa adadya phula, koma mlendo angafunse bwanji chinthu chimene sadziwa n'komwe kuti chilipo? Udindo ndi wathu womuuza asadafunse.

Tsono ndikudziwa chimene ena mwa inu mukunena mumtima. Mukuti alendo ndi ochepa, ndipo ngozi zambiri zimachitika ndi madalaivala athu omwe: a minibasi opanikiza anthu, a njinga zamoto onyamula anthu atatu opanda chipewa ngakhale chimodzi, a malole oyenda usiku ndi nyali imodzi. Mukutinso alendo ambiri amamanga lamba, ali ndi inshulansi, ndipo magalimoto awo ali ndi mabuleki abwino kuposa athu. Zonsezi n'zoona, ndipo sindikutsutsa. Mlendo amadza ndi kalumo kakuthwa, ndipo pa nkhani ya lamba ndi ya mowa tikadachita bwino kutengera kwa iwo. Koma yang'anitsitsani chimene chimachitika mlendo yemweyo akakhala kuno chaka chimodzi. Lamba uja wayamba kuiwalika. Foni ili kukhutu. Pa chikwangwani cha 50 akudutsa ndi 90. Kumbuyo kwa galimoto wanyamula anthu khumi ataimirira. Mukamufunsa amaseka, nati kuno ndi mmene timayendera. Adaziona kwa yani?

Pali kafukufuku wodziwika amene akuyankha funso limeneli. Akatswiri awiri a zachuma, Raymond Fisman ndi Edward Miguel, adafufuza khalidwe la akazembe a maiko osiyanasiyana okhala mu mzinda wa New York, kumene kuli likulu la bungwe la United Nations. Akazembe sankakakamizidwa kulipira chindapusa akaimika galimoto pamalo oletsedwa, ndipo kuyambira mu 1997 mpaka 2002 adasiya zindapusa zosalipira zoposa 150,000. Zotsatira za kafukufukuyu, zimene zidasindikizidwa mu 2007, zidaonetsa kuti poyamba munthu amayendetsa monga momwe adazolowerera kwawo: akazembe a maiko ena, monga Sweden ndi Norway, sankalakwira lamuloli ngakhale adali ndi ufulu wotero. Koma zidaonetsanso kuti munthu akakhalitsa pamalo opanda chilango, kulakwa kwake kumanka kuchuluka, ngakhale atachokera ku dziko losunga malamulo. Ndipo mu 2002, akuluakulu a mzindawo atayamba kulanda manambala a magalimoto a osalipira, kulakwaku kudatsika ndi 98 pa 100 iliyonse. Mlendo amabwera ndi khalidwe lake, inde, koma amakhala ndi khalidwe limene eni dera amlola.

Apa ndipo nkhaniyi ikutikhudza ife owerenga tsamba lino. Galimoto imene mlendo amaitsatira popita kumudzi kukayendera chitukuko kawirikawiri imakhala ya boma, ya nambala ya MG. Ngati dalaivala wa boma adutsa pa msika akuliza hutala, anthu akubalalika ngati nkhuku, mlendo wam'mbuyo amaphunzira kuti umu ndimo achitira anthu ofunika. Ngati bwana wakhala kumbuyo, wachedwa yekha kunyamuka, ndiye akuuza dalaivala kuti aponde kuti akapeze msonkhano usadayambe, bwanayo ndiye akuyendetsa galimotoyo ngakhale sadagwire chiwongolero. Nafenso a chipani tisadzipatule. Malole onyamula amayi ndi achinyamata kupita ku misonkhano timawadzaza mpaka ena kulendewera, ndipo timaganiza kuti nsalu ya chipani pa galimoto ndi chiphaso chodutsira paliponse. Ndanena izi m'misonkhano yathu ndipo ena sadakondwe nazo, koma ndi bwino kukwiyitsa mnzako kusiyana ndi kukamuimbira nyimbo ya maliro.

Chimodzimodzinso pa zipata za apolisi. Pali matenda awiri amene ndawaona, ndipo onse ndi oipa. Ena akaona khungu loyera kapena chizindikiro cha bungwe pa chitseko amangokweza dzanja kuti galimoto idutse, osayang'ana chiphaso, inshulansi kapena matayala. Ena akaona mlendo yemweyo amaona thumba la ndalama, nayamba kufunafuna cholakwa mpaka apatsidwe ya fanta. Woyambayo amaphunzitsa mlendo kuti lamulo silimukhudza. Wachiwiriyo amamuphunzitsa kuti lamulo lili ndi mtengo. Apolisi ambiri amagwira ntchito yawo mokhulupirika pa dzuwa loswa mtengo, ndipo owerengeka ochita zoterewa amaipitsa mbiri ya anzawo. Mlendo wolakwa alipitsidwe chindapusa chimene Mmalawi akadalipira, apatsidwe lisiti la boma, basi. Ngakhale akazembe enieni, amene sangazengedwe mlandu m'makhoti athu, pangano la ku Vienna la 1961 limene limawateteza likunenanso m'ndime 41 kuti ali ndi udindo wolemekeza malamulo a dziko limene akukhalamo. Wogwira ntchito m'bungwe wamba alibe n'komwe chitetezo choterocho.

Pali nkhani ina yowawa imene sitingailambalale. Alendo ambiri amauzana, ndipo ena amalangizidwa ndithu, kuti ukagunda munthu kumudzi usaime, thawira kupolisi, kuopa kuti anthu angakuphe. Malangizo amenewa ndi onyansa kuwamva, pakuti lamulo limafuna kuti dalaivala aime, athandize wovulala, ndi kukanena kupolisi. Kuno kumene ambulansi ili kutali, galimoto imene yagunda munthu kawirikawiri ndiyo yokhayo imene ingamufikitse kuchipatala cha Holy Family kapena cha boma magazi asadathe. Koma tisadakwiye, tidzifunse kumene mantha amenewa adachokera. Mu Sepitembala ndi Okutobala 2017, mphekesera za anamapopa zitafala ku Mulanje ndi kuno ku Phalombe, magulu a anthu adatseka misewu ndi mitengo ndi miyala, kuimitsa ndi kusecha magalimoto a anthu osawadziwa, ndipo anthu angapo osalakwa adaphedwa. Bungwe la United Nations lidachotsa antchito ake m'maboma awiriwa kwa kanthawi, ntchito zothandiza anthu athu omwe n'kuima. Zimenezi zidalembedwa m'manyuzipepala a dziko lonse lapansi, ndipo mlendo aliyense wotumizidwa kuno amazimva asadakwere ndege. Mbiri yoipa sichedwa kufala, koma kuifafaniza kumatenga zaka.

Chotero ngati tikufuna kuti mlendo aziima, tiyenera kumutsimikizira kuti akaima sagendedwa. Iyi ndi ntchito ya mafumu athu, kuyambira kwa a Mkhumba, a Nazombe, a Kaduya, a Chiwalo, a Jenala ndi a Nkhulambe mpaka kwa nyakwawa ya mudzi wa m'mphepete mwa msewu, ndiponso ndi ntchito ya wapampando aliyense wa nthambi ndi wa dera. Pa msonkhano uliwonse anthu auzidwe kuti ngozi ikachitika, choyamba ndi kunyamula wovulala, chachiwiri kulemba nambala ya galimoto, chachitatu kuitana apolisi. Kutentha galimoto sikudzutsa wakufa, ndipo kumawononga umboni umene banja likadagwiritsa ntchito polandira chipukuta misozi ku inshulansi. Ambiri mwa anthu athu sadziwa n'komwe kuti galimoto iliyonse yoyenda pamsewu imayenera kukhala ndi inshulansi yolipira munthu amene yamuvulaza. Amalandira thumba la chimanga ndi bokosi la maliro, nkhani n'kuthera pomwepo. Alangizi, aphunzitsi ndi azaumoyo amene mumakhala ndi anthu tsiku ndi tsiku, auzeni zimenezi.

Nanga mlendoyo timuphunzitse pati? Mpata ulipo kale, sitifunika ndalama zatsopano. Bungwe lililonse lofuna kugwira ntchito m'boma lino limayamba lakaonekera ku komiti ya akuluakulu a nthambi za boma ku khonsolo, imene timangoitchula kuti DEC. Kumeneko timafunsa za ndalama zawo, za midzi imene asankha, ndipo, tinene zoona, za malawansi. Sindidamvepo wina akufunsa kuti magalimoto anu ayendetsa ndani, ndipo akudziwa chiyani za misewu yathu. Bwanamkubwa atati apatule theka la ola kuti mkulu wa apolisi apamsewu afotokozere alendowa za masiku a misika, za nthawi imene ana amaweruka kusukulu, za masamba a maliro, za mitsinje yodzadza mwadzidzidzi, ndi za chochita ngozi ikagwa, tikadapulumutsa miyoyo popanda kuwononga tambala. Za ziphaso zawo akalongosole ndi nthambi ya boma yoona za magalimoto ndi chitetezo cha pamsewu asadayambe kuyendetsa, osati atagwidwa. Ndipo langizo langa kwa mabungwe ndi lakuti miyezi yoyamba mlendo akhale pambali pa dalaivala wa konkuno, aone ndi kufunsa. Tili ndi madalaivala odziwa ntchito amene akungokhala. Za kuyenda usiku, mabungwe ena adaletsa kale antchito awo, ndipo adachita bwino, otsalawo atengerepo.

Tisaiwale kuti ifenso ndife alendo kwa eni. Ana athu ambiri a kuno ali ku Joni, ndipo ena akuyendetsa magalimoto ndi njinga zamoto zoperekera katundu m'mizinda ya Johannesburg ndi Cape Town, kumene misewu ikuluikulu imalola makilomita 120 pa ola ndipo wolakwitsa njira sapatsidwa mpata woganiza. Madalaivala athu a malole olowa m'dziko la Congo pa Kasumbalesa amayenera kusinthira kumanja akangodutsa chipata, monganso asilikali athu amene akhala akutumizidwa kumeneko kukasungitsa mtendere. Achinyamata amene adapita kukagwira ntchito m'minda ya ku Israel kuyambira mu 2023 adapeza magalimoto akuchokera mbali imene sadaizolowere, ndipo woyenda pansi nayenso amafa chifukwa choyang'ana mbali yolakwika. Zimene tikupempha kwa mlendo wathu ndi zomwezo zimene tiyenera kulangiza mwana wathu pomuperekeza pa depoti.

Ndipo mwana yemweyo akabwera pa Khirisimasi ndi galimoto ya nambala ya ku South Africa, amakhala mlendo pa msewu wa kwawo komwe. Adachoka kuli fumbi, wapeza phula. Wazolowera liwiro la kwa eni. Wayenda masiku awiri kapena atatu kudzera ku Beitbridge, Nyamapanda ndi Tete mpaka pa Mwanza osagona mokwanira. Ndipo akufuna kuti a pamudzi aone kuti zake zidayenda. Anzake amamulandira ndi mowa, madzulo n'kudzazana m'galimoto kupita pa Migowi. Inu atsibweni ndi azakhali amene mumalandira zovala ndi mabulangete kwa iye, mulandeninso makiyi tsiku loyambalo, agone kaye, ndipo m'mawa mwake wina amuyendetse pang'onopang'ono kumuonetsa pamene pamangidwa sukulu yatsopano ndi pamene msika udasamukira iye ali kunja.